Lamulo la ku Mbenji ndi Lamulo la Chisankho

MUTU 1: CHILUMBA CHIMENE CHIMATSEKEDWA

M'nyanja ya Malawi, cha kumpoto kwa boma la Salima, muli chilumba cha miyala dzina lake Mbenji. Chilumbachi chili m'dziko la Mfumu Yaikulu Makanjira, ndipo ofuna kupitako amakwera boti pa gombe la Chikombe. Pachilumbapo palibe mudzi wokhazikika. Chuma chake chili pansi pa madzi, pakuti m'zirundu zozungulira chilumbacho mumasonkhana utaka wambiri, umene asodzi amaugwira ndi makoka a chilimira.

M'zaka za m'ma 1950, asodzi ena ochokera ku Likoma anafika kwa mfumu napempha kuti azipha nsomba pamenepo. Mfumu inawalola, koma inaika malamulo. Lalikulu mwa malamulowo ndi ili: mvula ikayamba, m'mwezi wa Disembala, asodzi onse achoke pachilumba, ndipo asabwerere kufikira mfumu itatsegula m'mwezi wa Epulo. Miyezi imeneyo nsomba zimaswana popanda wozisautsa. Mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo akazi saloledwa kupondapo. Wolakwa amalipitsidwa, kapena amathamangitsidwa ndi makoka ake omwe.

Kuyambira nthawi imeneyo Boma la dziko lino lasintha manja kambirimbiri. Anachoka Abwanamkubwa achingerezi, nabwera apulezidenti, ndipo anthu asanu ndi mmodzi akhalapo pa mpando umenewo. Koma Mbenji akutsekedwabe chaka ndi chaka. Lamuloli lakhalitsa chifukwa lili ndi alonda. Mfumu ili ndi akuluakulu oyang'anira pachilumba, ndipo asodzi eni ake amapenyana, podziwa kuti mmodzi akaba nsomba m'nyengo yotseka wabera onse.

Dziko nalo lili ndi lamulo la kutseka ndi kutsegula. Lamulolo likuti zaka zisanu zikatha, nthawi ya wolamula yatha, ndipo abwerere kwa eni dziko kukapempha chilolezo chatsopano. Kupempha kumeneku ndiko chisankho. Mbiri ya lamulo limeneli ndi yaitali, ndipo ili ndi misozi yake. Nayi mbiriyo.

MUTU 2: VOTI YA ODZIWA KULEMBA

Pamene malamulo a ku Mbenji anali kuikidwa, dziko lino linali kutchedwa Nyasaland, ndipo linali m'manja mwa Angerezi. Bwanamkubwa anali kukhala ku Zomba. Iye sanali kusankhidwa ndi munthu aliyense wa kuno, koma anali kutumidwa kuchokera ku London. M'chaka cha 1953 Angerezi analumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia napanga Chitaganya, ngakhale mafumu ndi anthu ambiri anakana. Bungwe la Nyasaland African Congress, limene linayamba mu 1944, ndilo linatsogolera kukanako.

Pa 6 Julayi 1958 Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka, atakhala kunja zaka zoposa 40. Misonkhano inachuluka, ndipo dziko linatekeseka. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analetsa Kongeresi namanga atsogoleri ake. Dr. Banda anatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo, ku Southern Rhodesia. Tsiku lomwelo asilikali anawombera anthu amene anasonkhana pa doko la Nkhata Bay, ndipo anafa osachepera 20. Chaka chisanathe, Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa chipani chatsopano, Malawi Congress Party, ndipo Dr. Banda atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960 anachitsogolera.

M'mwezi wa Seputembala 1960 chipanichi chinachita msonkhano waukulu ku Kota Kota, kumene lero kutchedwa Nkhotakota, pa gombe lomweli kumpoto kwa Mbenji. Kumeneko nthumwi zinagwirizana kuti Dr. Banda akhale mtsogoleri wa chipani moyo wake wonse. Anthu anakondwa, pakuti anamuona ngati mpulumutsi wao. Koma tsiku limenelo panabadwa mpando wopanda nyengo yotseka, ndipo owerengeka okha ndiwo anaona kuopsa kwake.

Chisankho chachikulu choyamba chinachitika pa 15 Ogasiti 1961. Mabuku olembamo oponya voti anali awiri. Buku lapamwamba linali la anthu achuma chambiri, makamaka Azungu ndi Amwenye, ndipo linasankha aphungu 8. Buku lapansi linasankha aphungu 20. Koma ngakhale m'buku lapansili simunali kulowa aliyense. Ambiri anayenera kuonetsa kuti adziwa kuwerenga ndi kulemba, ndiponso kuti ali ndi chuma chokwanira kapena akhoma msonkho zaka 10. Motero m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu, olembedwa anangopitirira pang'ono 100,000. Msodzi wodziwa nyanja yonse, wodziwa mwera ndi mpoto, akakhala wosadziwa kulemba dzina lake anali kuima panja.

Chipani cha Kongeresi, chimene chizindikiro chake chinali tambala wakuda, chinatenga mipando 22 mwa 28. Chipani cha Chitaganya, United Federal Party, chinapeza 5, ndipo umodzi unapita kwa Colin Cameron, Mzungu woima payekha amene anali bwenzi la Kongeresi. Pa 1 Febuluwale 1963 Dr. Banda anakhala Nduna Yaikulu. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu wodzilamulira ndi dzina lakuti Malawi.

MUTU 3: ZAKA MAKUMI ATATU ZOSATSEKA

Chaka cha ufulucho munthu wamkulu aliyense, mwamuna kapena mkazi, wophunzira kapena wosaphunzira, analoledwa kulembetsa. Koma chisankho cha Epulo 1964 chitayandikira, panalibe wopikisana ndi anthu a Kongeresi, ndipo onse analowa m'Nyumba ya Malamulo popanda kuponyeredwa voti. Anthu analandira nkhafi, koma bwato silinalowe m'madzi.

Patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zinayamba kutsutsana ndi Nduna Yaikulu. Zinadandaula za ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala, za malipiro a antchito a Boma, za ubwenzi wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso kuti anali kulamula yekha osafunsa anzake. Pa 7 Seputembala 1964 Dr. Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo ao pogwirizana ndi anzaowo. Ambiri anathawira kunja. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake anathira nkhondo boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, koma analephera kuoloka Shire pa Liwonde. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 polowanso m'dziko ndi zida.

Pambuyo pake zinthu zinayenda mofulumira. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Chimene chinayamba ku Kota Kota ngati lamulo la chipani chinasanduka lamulo la dziko lonse. Zisankho za aphungu zinali kuchitikabe, koma opikisana onse anali a chipani chimodzi, ovomerezedwa ndi mtsogoleri mmodzi.

Zaka zimenezo zinali ndi ntchito zake zooneka. Sukulu ya ukachenjede inatsegulidwa mu 1965. Likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979, ndipo misewu inatambalala m'mbali mwa nyanja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa nsomba sanali kulowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo achinyamata a chipani anali kuima pa zipata kufunsa makhadiwo. Anthu anali kumangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ena ku Mikuyu, ena ku Dzaleka. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya galimoto. Patapita zaka zoposa khumi, ofufuza anapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa ndi apolisi. Dr. Banda anaimbidwa mlandu wa imfazo mu 1995, koma bwalo silinampeze wolakwa.

Zaka zonsezo asodzi a ku Mbenji anali kupasula misasa yao mwezi wa Disembala nachoka, monga mwa lamulo. Mpando wa ku likulu wokha ndiwo unalibe Disembala wake.

MUTU 4: NYALI NDI TAMBALA

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Akatolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Kalatayo inanena poyera za umphawi, za malipiro ochepa, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe kudzalankhula za zipani zambiri, ndipo anamangidwa pabwalo la ndege pomwepo. Mwezi wotsatira antchito a ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lao lambiri. Potsiriza Dr. Banda anavomera kuti anthu afunsidwe.

Kufunsako kunachitika pa 14 Juni 1993. Wofuna chipani chimodzi anasankha tambala wakuda, ndipo wofuna zipani zambiri anasankha nyali. Zizindikirozi zinathandiza osadziwa kuwerenga. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 63 anasankha nyali. Ambiri a Chigawo cha Pakati anasankha tambala, koma Kumpoto ndi Kumwera nyali inapambana kutalitali.

Chisankho cha zipani zambiri chinachitika pa 17 Meyi 1994. Bakili Muluzi wa United Democratic Front anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Dr. Banda 33, ndipo Chihana 19. Dr. Banda analankhula pa wailesi navomera kuti wagonja. Malamulo atsopano a dziko anati Pulezidenti alamule zaka zisanu, ndipo asapitirire maulendo awiri otsatizana. Tsono mpando uja unalandira nyengo yake yotseka.

Sipanapite nthawi yaitali lamulolo lisanayesedwe. Mu 2002, ulendo wachiwiri wa Muluzi uli m'kati, otsatira ake anabwera m'Nyumba ya Malamulo ndi maganizo akuti malire aja achotsedwe. Mipingo, ophunzira ndi mabungwe anakana kwamphamvu. M'mwezi wa Julayi aphungu anaponya voti, ndipo ofuna kusintha anaperewera ndi mavoti atatu okha. Chotero mu 2004 Muluzi anatsika, ndipo Bingu wa Mutharika analowa. Patapita miyezi yowerengeka Bingu anachoka m'chipani chimene chinamuika pampando nayambitsa chake, Democratic Progressive Party. Anapambananso mu 2009, koma ulendo wake wachiwiri unali wa mavuto. Mafuta a galimoto anasowa, ndipo pa zionetsero za 20 Julayi 2011 anthu 20 anaphedwa. Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012. Ena mwa nduna zake anayesa kutchinga wachiwiri wake, Mayi Joyce Banda, koma lamulo linaima, ndipo iwo analumbira pa 7 Epulo.

MUTU 5: NKHOKWE YOBOOLEDWA

Zipani zambiri zinatsegula anthu pakamwa, koma sizinatseke manja a akuba. Chaka cha 2002 chisanafike, chimanga chosungidwa m'nkhokwe za Boma chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Mvula itavuta, njala inagwa, ndipo anthu mazanamazana anafa nkhokwe zili gwaa.

Kuba kumene kunamveka koposa kunaululika mu Seputembala 2013. Apolisi anayamba kupeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za antchito a Boma, ena a iwo makalaliki a malipiro ochepa. Pa 13 Seputembala mkulu woyang'anira ndondomeko ya chuma cha Boma, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pa chipata cha nyumba yake ku Lilongwe, koma anapulumuka. Nkhaniyi inatchedwa Cashgate.

Machitidwe ake anali otere. Boma limalipira anthu kudzera m'makina a kompyuta. Akubawo anali kulemba m'makinamo kuti kampani yakutiyakuti yagwirira Boma ntchito, pamene ntchitoyo kunalibe. Cheke chinali kutuluka, ndalama zinali kutapidwa ku banki, ndipo pambuyo pake zolembedwa zija zinali kufufutidwa. Owerengera chuma a kampani ya Baker Tilly, ochokera ku Mangalande, anapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo kufikira Seputembala 2013, panatayika ndalama zoposa K13 biliyoni. Kuwerengera kotsatira kunakweza chiwerengerocho kufika pa K24 biliyoni.

Mayi Joyce Banda anachotsa nduna zao zonse mu Okutobala, ndipo milandu inayamba, nalowa m'ndende anthu angapo. Koma maiko othandiza, amene anali kupereka pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a ndalama zoyendetsera Boma, anaimitsa thandizo lao. Apa mpamene munthu wa kumudzi analawa kuwawa kwa nkhaniyi. Ndalama zobedwa ku likulu ndizo mankhwala osowa pa chipatala chaching'ono, ndizo choko ndi mabuku osafika pa sukulu, ndizo mlatho wosamangidwa pa njira yonyamulira nsomba. Pa chisankho cha 20 Meyi 2014 Mayi Banda anakhala achitatu. Peter Mutharika, mng'ono wake wa Bingu, anapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse, ndipo Lazarus Chakwera wa Kongeresi anamtsatira.

MUTU 6: UTOTO WOYERA PA MAPEPALA

Chisankho cha 21 Meyi 2019 ndicho chiyenera kufotokozedwa mwachifatse, pakuti pa icho lamulo linayesedwa koposa kale lonse.

Anthu anaponya voti mwamtendere m'malo oposa 5,000. Madzulo mabokosi anatsegulidwa, ndipo mavoti anawerengedwa pamaso pa oimira zipani. Pa malo alionse ziwerengero zinalembedwa pa pepala la zotsatira, limene oimira zipani anayenera kusainapo. Mapepalawo ndiwo anatumizidwa kukaphatikizidwa. Koma pofika kumeneko, ambiri anaoneka atapakidwa utoto woyera wofufutira zolembedwa, wotchedwa Tipp-Ex, ndipo pamwamba pa utotowo panalembedwa manambala ena. Madandaulo 147 anaperekedwa ku bungwe loyendetsa zisankho, limene wapampando wake anali Mayi Jane Ansah. Ngakhale zinali tero, bungwelo linalengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti 38.6 pa 100 alionse, Chakwera 35.4, ndipo Saulos Chilima wa UTM 20.2. Woyamba anaposa wachiwiri ndi mavoti pafupifupi 159,000.

Chakwera ndi Chilima anapita ku bwalo la milandu. Kunja anthu zikwizikwi anayenda m'misewu miyezi yambiri, ndipo m'malo ena katundu anaonongedwa ndi anthu anavulala. M'bwalomo oweruza asanu anakhala pansi kumva mboni: Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo. Mlanduwo unamvedwa kuyambira Ogasiti kufikira Disembala, ndipo mawailesi anauulutsa tsiku ndi tsiku, kotero kuti anthu a m'midzi ndi m'madoko anautsatira ngati ali m'bwalo momwemo. Mapepala anaonetsedwa limodzilimodzi. Ena anali ofufutidwa, ena anali osasainidwa, ena sanali mapepala enieni amene bungwe linasindikiza. Mlandu uli m'kati, mkulu wa oweruza onse, Andrew Nyirenda, anakanena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu kuti wina anayesa kugula oweruzawo ndi ndalama.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanuwo anafika ku bwalo ku Lilongwe akuperekezedwa ndi asilikali. Chigamulo chao chinali cha masamba pafupifupi 500, ndipo anachiwerenga mosinthana kuyambira m'mawa kufikira usiku. Onse asanu anagwirizana kuti zolakwika zinali zambiri, zofala ndi zazikulu, kotero kuti palibe amene akanati anasankhidwa moyenera. Anafafaniza chisankho cha Pulezidenti nalamula kuti chichitikenso masiku 150 asanathe. Ananenanso kuti mwa malamulo a dziko, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse. Kufikira tsiku limenelo munthu anali kulamula dziko ngakhale anthu 6 mwa 10 alionse atamkana.

Mutharika ndi bungwe la zisankho anakadandaula ku bwalo lalikulu koposa, koma pa 8 Meyi bwalolo linavomereza chigamulo choyamba. Mu Juni Boma linayesa kupumitsa mkulu wa oweruza nthawi yake isanakwane, ndipo mabwalo anakananso. M'Afirika monse, dziko la Kenya lokha ndilo linali litafafanizapo chisankho cha Pulezidenti wolamula, mu 2017.

Chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni 2020, bungwe lili ndi wapampando wina, Chifundo Kachale. Chakwera ndi Chilima anayenda pamodzi mu mgwirizano wa Tonse, napeza mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Ulendo uno oimira zipani anasunga mapepala ao a zotsatira ngati ndalama, ndipo mawailesi anali kuwerenga ziwerengero za malo ndi malo anthu akumva.

Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi. Oweruza sakanaweruza popanda umboni, ndipo umboniwo unachokera kwa anthu wamba amene anakhala usiku m'zipinda za sukulu, nawerenga manambala, nasunga mapepala ao. Mu 1961 kudziwa kuwerenga kunali khomo lolowera ku voti. Mu 2019 kudziwa kuwerenga kunakhala mlonda wa votiyo.

MUTU 7: NYENGO IMATSEKERA ALIYENSE

Boma la Tonse linalowa ndi malonjezo ambiri, ndipo nalonso linakumana ndi milandu yake. Mu 2022 Chilima, ali wachiwiri kwa Pulezidenti, anamangidwa pa nkhani ya ziphuphu, imene iye anaikana, ndipo mlanduwo unathetsedwa mu Meyi 2024 usanazengedwe. Pa 10 Juni 2024 iye ndi anthu ena 8 anafa pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Namondwe Freddy anaononga Chigawo cha Kumwera mu Malichi 2023. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100. Mitengo ya chimanga ndi feteleza inakwera, ndipo mafuta anasowa, kotero kuti mwini boti la injini anamva vutolo mofanana ndi mwini galimoto.

Pa 16 Seputembala 2025 anthu anaponyanso voti. Peter Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ndipo Chakwera 33. Chakwera anavomera kugonja pa 24 Seputembala, zotsatira zisanalengezedwe, ndipo Mutharika analumbira pa 4 Okutobala, wachiwiri wake ali Mayi Jane Ansah aja. Ena anadabwa kuti amene anachotsedwa mu 2020 abweranso. Koma lamulo la chisankho silinaikidwe kuti likondere chipani ichi kapena icho. Linaikidwa kuti wolamula aliyense abwerere kwa eni dziko pa nthawi yake. Mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025 anthu anachotsa Pulezidenti amene anali pampando, ndipo maulendo onse anayi wochotsedwayo anatuluka.

Mbenji ndi dziko sizifanana m'zonse. Mfumu ya ku Mbenji imalowa ufumu mwa mwambo wa makolo, pamene Pulezidenti amasankhidwa. Pachilumba akazi safika, pamene pa bokosi la voti mayi wogulitsa utaka ndi wolingana ndi mwini maboti khumi. Koma pa chinthu chimodzi ziwirizi zigwirizana: lamulo limakhala ndi moyo pamene alipo olilondera, ndiponso pamene wamphamvu amalimvera monga wochepa. Ophunzira a sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu ndi anzao a ku Scotland atayeza nsomba, anapeza kuti utaka wa ku Mbenji ndi waukulu kuposa wa m'madzi ena oyandikana nawo. Phindu limeneli lachokera ku kudziletsa kwa zaka pafupifupi 70.

Ntchito ya mlonda wa chisankho si yovuta kuimvetsa. Alembetse dzina lake pa nthawi yake, nasunge chiphaso chake. Akane kugulitsa voti ndi nsalu, mchere kapena ndalama, pakuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana kugawa mphatso zokopera anthu, ndipo wogula voti amadzabweza ndalama zake kuchokera m'nkhokwe ya onse. Mavoti akawerengedwa, apite kukaona pepala la zotsatira za pamalo pake, alembe manambalawo m'kabuku, nawayerekeze ndi amene adzamve pa wailesi. Phungu wake akabwera kudzachititsa msonkhano, amfunse za ndalama za chitukuko cha dera, kuti zinali zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma pa malo alionse oponyera voti pakakhala anthu khumi odziwa kuwerenga manambala, wobwera ndi utoto woyera adzasowa popaka.

Mwezi wa Disembala ukafika, asodzi adzakweza makoka ao m'maboti nawolokera ku Chikombe, ndipo chilumba chidzatsala ndi mbalame zokha kufikira Epulo. Momwemonso chaka cha 2030 chikafika, nthawi ya olamula idzatha, ndipo eni dziko adzafunsidwanso. Amene lero akuphunzira kulemba dzina lake ndi kuwerenga manambala adzakhala mmodzi wa alonda a tsiku limenelo.